Liwiro Lodikira Wotsimphina: Kusanthula Ahebri 12:1-13

Mavesi awiri oyambirira a Ahebri 12 ndi amene ambiri timawadziwa. Timawamva pa misonkhano ya achinyamata, pa maliro a mkulu wa mpingo amene watumikira zaka zambiri, ngakhalenso pa mapemphero otsanzikana ndi ana amene akukalemba mayeso. Mlaliki amawerenga za khamu la mboni, za kutula cholemetsa, za kuthamanga mopirira maso ali pa Yesu, kenako n'kutseka Baibulo. Koma fanizo la liwiro limene layambika pa vesi 1 limakathera pa vesi 13, ndipo kumeneko wolemba sakunenanso za mnyamata wopepuka thupi amene akudya mtunda. Akunena za manja ogwa, mawondo olobodoka ndi mwendo wotsimphina. Wolekeza pa vesi 2 wamva theka la nkhani, ndipo theka limene walisiyalo ndi limene munthu wosautsika amalisowa kwambiri.

Mutu 12 suyamba nkhani yatsopano. Umatsamira pa zimene zanenedwa kale kuyambira kumapeto kwa mutu 10. Manambala a mitu amene tinawazolowerawa anabwera m'zaka za m'ma 1200, ntchito imene imatchulidwa pa dzina la Stephen Langton, ndipo amene anagawa Chipangano Chatsopano m'mavesi ndi Robert Estienne mu 1551. Oyamba kulandira kalatayi analibe malire amenewa. Wolemba wake sanatchule dzina. Tertullian ankati ndi Barnaba, Martin Luther anaganizira Apolo, pamene Origen funsoli anangolisiya m'manja mwa Mulungu. Koma anthu amene ankawalembera anawajambula bwino pa 10:32-34. Atangokhulupirira kumene ananyozedwa ndi kuchititsidwa manyazi pagulu, anaima pamodzi ndi anzawo ozunzidwa, ankasamala a m'ndende, ndipo katundu wawo analandidwa iwo akuona. Akatswiri ambiri amaloza ku Roma, chifukwa kalatayi imatha ndi moni wochokera kwa abale a ku Italy, komanso Clement wa ku Roma anali akuigwiritsa kale ntchito cha m'ma 96. Ku Roma komweko mfumu Claudius inathamangitsa Ayuda cha m'ma 49, ndipo Akula ndi Priskila anali m'gulu la othamangitsidwawo.

Choncho awa si ongobatizidwa dzulo. Moto woyamba anaupirira, ndipo anaupirira mokondwa. Chimene chikuwadya tsopano n'chapang'onopang'ono. Ena asiya kubwera ku msonkhano (10:25). Makutu alema, moti anthu oyenera kukhala aphunzitsi akufunikanso mkaka (5:11-12). Wolemba akuopa kuti angatengeke ngati chinthu chimene madzi akuchikokolola mwakachetechete (2:1). Ngakhale pali machenjezo oopsa a kutaya chikhulupiriro, matenda amene akuoneka tsiku ndi tsiku ndi kutopa.

Wothamanga mtunda wautali aliyense amakudziwa kutopa kumeneku. Pa mzere woyambira palibe amene amafuna kulimbikitsidwa. Mtima umakhala ukudumpha wokha. Pafupi ndi pomalizira, phokoso la anthu limamunyamula munthu ngakhale miyendo itatha. Povuta ndi pakati. Pa marathoni, thupi limayendera shuga amene linasunga m'minofu ndi m'chiwindi, ndipo kwa ambiri shuga ameneyu amatha akadutsa makilomita 30, patatsala 12. Miyendo imalemera mwadzidzidzi, mutu umachita chizungulire, ndipo maganizo amayamba kupereka zifukwa zomveka bwino zoti munthu akhale pansi m'mbali mwa msewu. Amene anali kumwetulira pa kilomita ya 20 umamuona akuyenda atagwira m'chiuno, maso ali pa phula. Vesi 3 ikamatchula kulema ndi kukomoka kwa m'kati mwa munthu, ikunena za malo ngati amenewa pa ulendo wa chikhulupiriro.

Wolembayo marathoni sankaidziwa. Inayamba pa masewera a Olympic a mu 1896 ku Athens. Chimene iye ndi owerenga ake ankadziwa ndi mipikisano ya m'mabwalo a Agiriki. Ku Olympia, mpikisano wakale kwambiri unali wodutsa bwalo kamodzi, mamita pafupifupi 192. Wautali, wotchedwa dolichos, unayamba mu 720 BC, ndipo othamanga ankapita n'kubwerera m'bwalo lomwelo mpaka kukwanitsa makilomita osapitirira asanu. Paulo, polembera Akorinto amene ankaonerera masewera a ku Isthmia zaka ziwiri zilizonse, anatenga fanizo lomweli n'kukumbutsa kuti othamanga ndi ambiri koma mphoto imapita kwa mmodzi. Wolemba Ahebri watenga bwalo lomwelo, koma wachotsamo chinthu chimene aliyense ankachiyembekezera. Mu ndime yonseyi mulibe mdani woti umupitirire, mulibe kufulumira, mulibe nkhata ya wopambana mmodzi. Chimene chabwerezedwa ndi kupirira: pa vesi 1, pa vesi 2, pa vesi 3, ndiponso pa vesi 7. Ndipo pa mavesi awiri oyambawo wolemba akulankhula modziphatikiza, akuti ife. Sanakhale pa mthunzi ndi wenzulo pakamwa. Nayenso ali mumsewu, thukuta lili kamukamu.

Mboni zija ndi anthu a m'mutu 11, ndipo apa ndi pamene tiyenera kukhalitsa. Mutuwo umayamba modekha, munthu mmodzimmodzi: Abele, Enoke, Nowa, Abrahamu ndi Sara, Isake, Yakobo, Yosefe, Mose, Rahabu. Pofika vesi 32 wolemba akuti nthawi yamuthera, ndipo mayina akungowaponya: Gideoni, Baraki, Samisoni, Yefita, Davide, Samueli. Kenako mayina atha, kwatsala zochita zokha, zothamangitsana: maufumu ogonjetsedwa, pakamwa pa mikango potsekedwa, moto wozimitsidwa, lupanga lopulumukidwa, akufa obwezedwa kwa amayi awo. Pakanathera pomwepa, mutuwu ukanakhala wokoma kwa alaliki amene amalonjeza kuti chikhulupiriro chimatsegula makomo onse. Koma pakati penipeni pa vesi 35, popanda chenjezo, nyimbo imasintha. Ena anazunzidwa mpaka kufa, atakana kumasulidwa. Ena anakwapulidwa, kumangidwa unyolo, kuponyedwa miyala, kudulidwa ndi macheka. Ena ankayenda atavala zikopa za nkhosa ndi mbuzi, akugona m'mapanga. Pa vesi 34 pali opulumuka lupanga. Pa vesi 37 pali ophedwa ndi lupanga. Wolemba sanawaike m'magulu awiri, la achikhulupiriro chachikulu ndi la achikhulupiriro chochepa. Onse ali pa mndandanda umodzi, ndipo ovutikawo ndi amene wawapatsa ulemu wapadera ponena kuti dziko silinali lowayenera.

Akuluakulu amati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Mapeto a mutu 11 amanena chinthu chowawa kuposa mwambiwu: anthu onsewa anasunga khosi, koma anafa asanalandire cholonjezedwacho. Chifukwa chimene chaperekedwa pa vesi 40 n'chodabwitsa. Mulungu anakonza kuti iwo asafike pa ungwiro popanda ife. Abrahamu sanalandire mendulo yake n'kupita kwawo. Nkhani yake ikudikira kagulu kotopa ka Akhristu olandidwa katundu, amene ena mwa iwo asiya ngakhale kubwera ku mapemphero. Mboni zimenezi timakonda kuziganizira ngati anthu okhala pa mipando ya bwalo akutiimbira m'manja, ndipo fanizolo limalola zimenezo. Koma ntchito yawo yaikulu si kutionerera. Miyoyo yawo ndi umboni wakuti msewuwu umapitika, ndipo anaupita anthu okhala ndi zipsera: Samisoni ndi zilakolako zake, Yefita ndi chowinda chake chomvetsa chisoni, Davide ndi mlandu wa Uriya. Munthu wotopa sathandizidwa kwenikweni ndi nkhani za anthu amene sanapunthwepo.

Zoti titule zatchulidwa ziwiri, cholemetsa ndi tchimo, ndipo n'kofunika kuti zatchulidwa padera. Othamanga a Chigiriki ankavula zonse polowa m'bwalo. Kwathu kuno tingaganizire za anyamata a ku Mulanje amene amanyamulira alendo katundu paphiri. Chaka chonse chikwama chili kumsana, ndipo chikwamacho ndicho chimadyetsa ana kunyumba. Koma pa tsiku la Porters Race, pamene akunyamuka pa Likhubula kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso, palibe amene amachinyamula. Chikwamacho si choipa. Changokhala kuti tsiku limenelo si lake. Kwa anthu amene analandidwa katundu, cholemetsa chikanatha kukhala kulakalaka ulemu umene anali nawo pakati pa anansi asanakhale Akhristu, chinthu chimene munthu aliyense amachifuna ndipo palibe angamudzudzule nacho.

Vesi 2 yamangidwa mofanana ndi vesi 1, ngati kuti wolemba waika zithunzi ziwiri moyang'anizana. Ife tili ndi mpikisano umene watiikidwira patsogolo. Yesu anali ndi chimwemwe chimene chinamuikidwira patsogolo. Ife tikuuzidwa kupirira. Iye anapirira mtanda. Msewu sitinausankhe tokha, monganso wothamanga sasankha pamene pakhale chitunda. Koma taonani chimene wolemba wachitchula pa mtandapo. Sanatchule misomali kapena ludzu. Watchula manyazi. Mtanda unali chilango cha akapolo ndi oukira boma, chochitikira poyera, munthu ali wamaliseche m'mbali mwa njira kuti odutsa amuone. Anthu amene ankawerenga kalatayi anachititsidwapo manyazi pagulu, ndipo bala limenelo limachedwa kupola kuposa la chikoti. Akuuzidwa kuti Mtsogoleri wawo anadutsa pomwepo, ndipo chiweruzo cha khamu lonyoza sanachiyese kanthu. Kenako anakhala pansi. M'kalata imeneyi kukhala pansi ndi nkhani yaikulu: pa 10:11-12 ansembe amaimirira tsiku ndi tsiku chifukwa ntchito yawo siitha, pamene Yesu anapereka nsembe imodzi n'kukhala. Pa onse amene athamanga liwiroli, mmodzi yekhayo ndi amene wamaliza, ndipo ndi iye amene akutsegulira ena onse, a m'mbuyo ndi a m'tsogolo.

Tisaganize kuti kupirira kwa Yesu kunali kouma m'maso. Kalata yomweyi, pa 5:7, imamuonetsa akupemphera molira mokweza, misozi ikutsika. Pa maliro timamva anthu akuuza wofedwa kuti alimbe mtima, asalire, Mkhristu salira chonchi. Amene tikuuzidwa kumuyang'anitsitsayo analira, ndipo wolemba sanachite nazo manyazi kulemba zimenezo.

Kuyambira vesi 3 wolemba wasiya kunena kuti ife, wayamba kunena kuti inu, ndipo mawu akulimba. Pa vesi 4 akuwakumbutsa kuti kulimbana kwawo sikunafike pokhetsa magazi. Ngati analidi a ku Roma ndipo kalatayi inalembedwa chisanafike chaka cha 64, pamene Nero anayamba kupha Akhristu, ndiye kuti magaziwo anali pafupi. Kenako fanizo lasintha, tachoka m'bwalo talowa m'nyumba. Wolemba watenga Miyambo 3:11-12 n'kunena kuti masautso awo awaone ngati kulera kwa bambo amene amalanga mwana wake chifukwa ndi wake.

Mavesi 5 mpaka 11 ndi ovuta, ndipo avulaza anthu ambiri m'manja mwa owawerenga mosasamala. Mayi amapita kwa ankhoswe diso lili lotupa, atafunda chitenje kumutu kuti anthu a m'njira asaone, ndipo amabwerako ndi mawu akuti banja n'kupirira. Akapita kwa akulu a mpingo, nthawi zina amamuwonjezera vesi lakuti Mulungu amalanga amene amawakonda. Dziko la Malawi lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006, koma mayi ameneyu wabwezedwa kunyumba ndi Baibulo. Uku n'kulakwira mayiyo, komanso n'kulakwira lembalo.

Masautso amene akunenedwa pano ali ndi dzina: ndi chidani chimene anthu akukumana nacho chifukwa cha Khristu. Ndipo vesi 3 ikutchula ochita chidanicho kuti ndi ochimwa. Kuti Mulungu angathe kukuza munthu kudzera m'zowawa sikusandutsa womenyayo kukhala mtumiki wa Mulungu, ndipo sikumuchotsera mlandu. Komanso kulanga kumene kukunenedwa pano si kubwezera tchimo. Pa 5:8 Yesu, Mwanayo, anaphunzira kumvera kudzera m'zowawa, chonsecho pa 4:15 tauzidwa kuti analibe tchimo. Vesi 11 imatibwezera ku bwalo ponena za anthu ozolowetsedwa ngati ochita masewera olimbitsa thupi. Tikabwereranso ku mutu 11 tipeza kuti chikhulupiriro chomwecho chinabisa khanda miyezi itatu kuti lisaphedwe, chinatulutsa Mose mu Igupto, chinapangitsa Rahabu kulandira azondi mosemphana ndi mfumu yake. Kuthawa choopsa ndi kubisa wofooka zili pa mndandanda wa ntchito za chikhulupiriro.

Othamanga amasiyanitsa ululu wa mitundu iwiri. Pali wa kutopa, wofalikira thupi lonse, umene umapiririka ndipo umalimbitsa munthu. Pali wa kuvulala, wolasa pa malo amodzi, pa bondo kapena pa fupa la mwendo, umene ukaukakamira umapundula. Mphunzitsi amene amauza wophunzira wake kuti athamangebe pa fupa long'aluka sakumuphunzitsa kupirira, akumuwononga. Wolemba Ahebri mwiniwake akuvomera pa vesi 10 kuti abambo a pansi pano amalanga monga momwe kwawakomera, kutanthauza kuti amaphonya. Akuvomeranso pa vesi 11 kuti pa nthawi yake chilango sichikoma n'komwe, chimawawa, ndipo chipatso chake chimaoneka pambuyo pake. Kwa ine, apa ndi pamene pali malire a mavesiwa. Ndi mawu amene munthu angathe kudzinenera yekha patapita zaka, akayang'ana m'mbuyo n'kuona chimene chinamera pa malo owawa. Si mawu oti mnzake amuponyere bala likadali laliwisi. Mayi amene waika mwana m'manda dzulo sakufuna kuuzidwa kuti ali pa maphunziro.

Ndiye pakubwera mavesi 12 ndi 13, ndipo tabwerera mumsewu. Chithunzi cha manja ogwa ndi mawondo olobodoka chachokera pa Yesaya 35:3, pamene mneneri akulamula kuti ofooka alimbikitsidwe ndi a mitima yamantha auzidwe kuti Mulungu wawo akubwera. Kumeneko ndi lamulo lopita kwa anthu kuti adzutse anzawo, ndipo kamvekedwe kameneko sikanatayike pano. Chithunzi cha njira zowongoka chachokera pa Miyambo 4:26. Koma cholinga chimene wolemba wachiwonjezera n'chake: njira iwongoledwe kuti chiwalo chotsimphina chisagulukiretu, m'malo mwake chipole. Wamphamvu angathe kudumpha maenje. Amene akufuna msewu wosalala ndi wotsimphina. Choncho amphamvu a mumpingo akuuzidwa kuthamanga m'njira yoti wofooka akhoza kuwatsatira.

Malamulo a mipikisano ya masiku ano salola zimenezi. Pa 24 July 1908 ku London, tsiku limene marathoni inathamangidwa pa mtunda wa makilomita 42.195 umene timaugwiritsa ntchito mpaka lero, Dorando Pietri wa ku Italy analowa m'bwalo la White City ali patsogolo pa onse. Anali atatheratu. Anayamba kulowera kolakwika, anagwa kangapo, ndipo oyang'anira anamudzutsa n'kumuchirikiza mpaka anadutsa chingwe. A ku America anadandaula, ndipo mendulo ya golide inapita kwa Johnny Hayes. Mfumukazi Alexandra inamupatsa Pietri chikho pomumvera chisoni, koma pa buku la zotsatira anachotsedwa chifukwa anathandizidwa. M'bwalo, dzanja la mnzako limakulanda mphoto. Mu Ahebri 12, kupereka dzanjalo ndi lamulo la mpikisano.

Chimene chimayandikira pang'ono chithunzi cha wolembayu chimaoneka ku KwaZulu-Natal chaka ndi chaka, pa Comrades Marathon, pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg. Amene anayambitsa mpikisanowu mu 1921 ndi Vic Clapham, msilikali wa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pokumbukira anzake amene anafa. Ananyamuka anthu 34, anamaliza 16. Mtunda wake ndi pafupifupi makilomita 90, ndipo lero munthu amapatsidwa maola 12. Otsogola amafika m'mawa anthu akadali ndi mphamvu zoimba m'manja, koma khamu lalikulu limafika dzuwa likupendeka. Ambiri mwa amenewa amathamanga m'magulu otchedwa mabasi. Wothamanga wodziwa bwino njirayo amamangirira kambendera kumsana kolembedwa nthawi imene akufuna kukafika, ndipo anthu mazana amamuunjirira. Iye akanatha kufika msanga, koma wasiya nthawi yake. Amawauza poti ayende ndi poti athamange, amawakumbutsa kumwa madzi, amayambitsa nyimbo pa chitunda. M'mphindi zomaliza umaona anthu osadziwana n'komwe atakolekana mikono m'mapewa, wapakati miyendo ikungokwekwereza.

Koma pa Comrades palinso mfuti. Maola 12 akakwana, mkulu wa mpikisano amafulatira othamanga n'kuwomba, ndipo amene watsala ndi sitepe imodzi watsala. Kalata ya Ahebri nayo si yofewa. Mavesi ochepa chabe pambuyo pa wotsimphina uja pakubwera Esau, amene anagulitsa ukulu wake ndi chakudya cha kamodzi, n'kudzaufuna ndi misozi nthawi itatha. Wolemba akukhulupirira kuti munthu angathe kugwa n'kusadzukanso, ndipo n'chifukwa chake sakusiya wotopa kuti adzionere yekha. Pa vesi 15 ntchito yoyang'anira yaperekedwa kwa mpingo wonse, kuti pasapezeke ndi mmodzi yemwe wotsalira pa chisomo. Pa 3:13 anawauza kale kuti azidandaulirana tsiku ndi tsiku. Amene wasiya kubwera ku mapemphero si nkhani yoti ikambidwe pa bwalo la akulu a mpingo basi. Wina ayenera kupita kukagogoda pa khomo pake.

Mutu 13 umatsitsa zonsezi pansi. Alandireni alendo. Kumbukirani a m'ndende ngati kuti mwamangidwa nawo limodzi, ndi ozunzidwa ngati kuti thupi lozunzidwalo ndi lanu. Izi ndi zomwe anthuwa ankachita kale m'masiku oyamba aja, pamene ankalandidwa katundu; wolemba sakuwaphunzitsa chachilendo, akuwapempha ayambirenso. Ndipo pa 13:23 akuwapatsira uthenga wakuti mbale wawo Timoteo wamasulidwa. Akuti akafika msanga, adzanyamuka naye limodzi kudzawaona.